Mwana wangokwanitsa miyezi 4 tsitsi layamba kutha, chikuchitika n'chiyani m'mutumu?

Sabata yatha ndili ku saluni kunabwera mayi wina wachitsikana, mwana kumbuyo, kudzamasula meshi yomwe analukitsa atatsala pang'ono kuchira. Atamumasula n'kuyamba kupesa, tsitsi limangotuluka ngati thonje, chipeso kudzadza, kuchotsa, kudzadzanso, mpaka mwini wake anangoti zii kuyang'ana pansi. Ndiye mukudziwa za ku saluni, aliyense ndi dokotala. Wina akuti mwana akuyamwa kwambiri ameneyo akukumalizani, wina akuti ndi jekeseni wolera, wina akuti gulani mafuta a nsatsi muzipaka usiku, mayi wina wachikulire anangoti musamale komwe mukataye tsitsilo, ndipo panali winanso yemwe anafunsa motsitsa mawu ngati anayezetsako magazi posachedwa, kafunsidwe kaja mukukadziwa.

Mwa onsewa panalibe amene ananena zopanda mutu kotheratu, koma panalibenso amene anafotokoza chomwe chimachitika kwenikweni. Nde tiyeni tiyambire pansi.

Tsitsi lililonse lili ndi kalendala yake

M'mutu mwa munthu muli tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse limamera kuchokera m'kathumba kake kakang'ono komwe kali mkati mwa khungu. Kathumbako ndiye muzu weniweni. Tsitsi lomwe timaliona kunjaku ndi lakufa kale, n'chifukwa chake kumeta sikuwawa, chamoyo chili pansi.

Kathumba kalikonse kamagwira ntchito mosinthana nyengo. Pali nyengo yokula, yomwe imatenga zaka 2 mpaka 6, kenako masabata 2 kapena 3 oti kathumba kakufota n'kusiya kudyetsa tsitsi lija, kenako nyengo yopuma ya miyezi pafupifupi 3. M'nyengo yopumayi tsitsi limakhala lidakali m'mutu koma silikukulanso, langotsamira basi, kudikira tsiku lomwe latsopano lidzalikankhe kuchokera pansi. Likakankhidwa limagwa.

Chimene chimatipulumutsa kuti tisamakhale ndi dazi chaka ndi chaka n'choti timatumbati sitiyendera limodzi. Zili ngati dimba la nthochi, ina ikubereka, ina yangophuka kumene, ina yatemedwa dzulo, koma ukayang'ana patali dimba lili lobiriwira nthawi zonse. Pa tsitsi 100 lililonse, 85 mpaka 90 limakhala likukula, lotsalalo likupuma. Ndiye tsiku lililonse munthu wabwinobwino, yemwe sakudwala kalikonse, amataya tsitsi pakati pa 50 ndi 100. Sitilionako chifukwa limapita ndi madzi osamba, chipeso ndi pilo pang'onopang'ono.

Mimba imasokoneza kalendala ija

Mayi akakhala woyembekezera mahomoni ena amakwera kwambiri, makamaka imodzi yotchedwa estrogen. Mahomoni ndi timadzi tomwe thupi limapanga lokha n'kutumiza m'magazi ngati uthenga wouza ziwalo zochita. Pa nthawi ya mimba estrogen yambiri imapangidwa ndi nsengwa, ndipo uthenga umodzi womwe imapereka ku timatumba ta tsitsi ndi woti musapume kaye, pitirizani kukula. Tsitsi lomwe likanagwa mwezi wachinayi silikugwa, lomwe likanagwa mwezi wachisanu ndi chiwiri silikugwa, lonse langokhala. N'chifukwa chake amayi ambiri oyembekezera tsitsi limawakhala bwino, lodzadza, anthu mpaka kumafunsa kuti mukupaka chani. Sikuti lamera lambiri kuposa kale ayi, langosiya kugwa pa mlingo wake.

Kunena mwachidule ndi ngongole. Miyezi yonse ija thupi limakongola tsitsi lomwe limayenera kubweza tsiku ndi tsiku.

Mwana akabadwa nsengwa imatuluka, ndipo estrogen imatsika m'masiku ochepa chabe. Timatumba tonse tomwe tinakakamizidwa kugwira ntchito tija timalowa m'nyengo yopuma nthawi imodzi, gulu lonse. Apa mayi saona chilichonse, ali m'chikuta, akulimbana ndi mchombo wa mwana, mabere otupa ndi kusagona. Koma kumbukirani kuti kupuma kuja kumatenga miyezi pafupifupi 3. Ikakwana, tsitsi latsopano limayamba kukankha lakale pamalo ambirimbiri nthawi imodzi, ngongole yonse ija kubwezedwa m'masabata owerengeka.

Madokotala a khungu vutoli amalitcha telogen effluvium, telogen ndi dzina la nyengo yopuma ija, effluvium ndiye kukhuthuka. Dzinali analiyambitsa ndi dokotala wa ku America, Albert Kligman, m'chaka cha 1961. Ndipo silichitika chifukwa cha uchembere wokha. Chilichonse chomwe chagwedeza thupi mwamphamvu, malungo aakulu otentha thupi kwambiri, opaleshoni, kutaya magazi ambiri, kuonda mwadzidzidzi, maliro a munthu wapamtima, chikhoza kukankhira tsitsi lambiri m'nyengo yopuma, n'kudzagwa patapita miyezi 2 kapena 3. Mayi yemwe anachira ndi opaleshoni, kapena anataya magazi ambiri, kapena anadwala malungo atangochira, ndiye kuti zifukwa zaunjikana.

Apa ndi pomwe anthu ambiri timasochera. Tsitsi lomwe likugwa lero linasiya kukula miyezi itatu yapitayo. Nde ukamafufuza cholakwa m'zinthu za sabata ino, shampu watsopano, mafuta omwe wakupatsa mlamu wako, munthu yemwe anakugwira m'mutu ku tchalitchi, ukufufuza malo olakwika.

Nthawi zambiri zimayamba mwana ali ndi miyezi 2 mpaka 4, zimafika poipitsitsa cha m'ma miyezi 4, kenako n'kumachepa. Amayi ambiri pofika tsiku loti mwana akwanitse chaka tsitsi limakhala labwerera mwakale kapena latsala pang'ono. Si onse omwe zimawachitikira moonekera, ena sazindikira n'komwe, ndipo mayi mmodzi yemweyo akhoza kuthothoka pa mwana woyamba koma osaona kanthu pa wachiwiri.

Bwanji kwa ife zimaoneka zoopsa chonchi

Pali masamu ena omwe sitiwaganizira. Tsitsi lathu ndi lopotana, likathothoka siligwa pansi ngati la azungu kapena amwenye, limakodwa m'linzake n'kukhala momwemo. Nde ukaluka n'kukhala masabata 6 osamasula, tsitsi lonse lomwe lathothoka masiku 42 amenewo lili m'malukomo. Ngakhale kwa munthu yemwe sanabereke, 100 kuchulukitsa ndi 42 ndi tsitsi 4,200, lotuluka tsiku limodzi pa chipeso chimodzi. Tsopano onjezani ngongole ya mimba ija. Mayi wa ku saluni uja zomwe anaona zinali zimenezi, ndipo ambiri timalukitsa dala tikatsala pang'ono kuchira kuti tisavutike ndi kupesa ku chipatala, kenako n'kuiwala kumasula chifukwa mwana watitangwanitsa.

Njira yosavuta yodziwira chomwe chikuchitika, tengani tsitsi limodzi lomwe lagwa muliyang'ane pa kuwala. Ngati ndi lalitali bwino ndipo kumapeto kuli kamutu koyera ngati kanjere, ndiye lamaliza nyengo yake lagwa lokha. Ena akaona koyerako amadandaula kuti muzu wazuka, ayi si muzu, kathumba katsala m'khungu ndipo kali moyo. Koma ngati mukuona tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu, limenelo silikuthothoka, likuduka, ndipo chifukwa chake chimakhala kuuma, relaxer, dayi kapena kupesa mwankhanza.

Malo omwe amaonekera kwambiri ndi kutsogolo ndi m'mbali mwa chipumi, pamwamba pa makutu apa, chifukwa tsitsi la pamenepo ndi lopyapyala kale. Koma dazi lenileni losalala, telogen effluvium payokha sibweretsa.

Za kuyamwitsa

Izi ndiye zimandipweteka chifukwa pali amayi omwe amafika poganiza zomusiyitsa mwana bere. Kuyamwitsa si kumene kumayambitsa kuthothokaku. Amayi omwe sakuyamwitsa, pa zifukwa zosiyanasiyana, nawonso amathothoka pa miyezi yomweyo chifukwa nsengwa inatuluka chimodzimodzi. Zangokumana nthawi basi, mwana wa miyezi 4 amakhala akuyamwa mwamphamvu ndipo tsitsi likugwa, diso likuona ziwirizo n'kuzilumikiza. Chomwe chili choona m'mawu a azimayi aja n'choti woyamwitsa amafunika chakudya chochuluka, ndipo ngati akudya moperewera thupi limayamba lasamala mkaka ndi ziwalo zofunika, tsitsi limabwera kumapeto kwa mzere.

Za jekeseni wolera, inde kwa amayi ena njira zolera za mahomoni zimatha kupepula tsitsi, zimalembedwa ndithu pa zotsatira zake. Vuto n'loti ambiri amayamba kulera pa masabata 6, ndiye tsitsi likayamba kugwa mwezi wachitatu n'kovuta kusiyanitsa. Musasiye nokha mwakachetechete, kambiranani ndi anamwino a kulera, njira zilipo zingapo.

Pomwe pali ngozi yeniyeni: kubisa

Apa ndikhalitsapo chifukwa kuthothoka kwa uchembere kumatha kokha, koma zomwe timachita pofuna kubisa ndi zomwe zimasiya chipsera.

Mayi akaona kuti kutsogolo kwapepuka, maganizo oyamba ndi kukaluka meshi yaitali, kapena kusokerera wivi, kapena kumata wigi ndi guluu, kuti anthu asaone. Woluka naye pofuna kuti ntchito yake ioneke yaudongo amatola ngakhale timatsitsi tating'ono ta kutsogolo tija n'kutikoka mpaka nsidze kukwera. Ukafika kunyumba mutu ukugunda, kugona movutikira, kumwa Panado, n'kumati zikhazikika pakapita masiku awiri. Kukoka kumeneko kuli ndi dzina lake, traction alopecia, kutanthauza kutha kwa tsitsi chifukwa chokokedwa. Poyamba tsitsi limameranso ukasiya kukoka. Koma zikapitirira zaka, kathumba kaja kamafa n'kusanduka chipsera, ndipo pa chipsera sipameranso kanthu, kaya upake chani. Udzu wopsa ndi moto wa m'chilimwe umaphukanso mvula ikagwa chifukwa mizu ilipo, koma wozulidwa ndi khasu ndi nkhani ina.

Si vuto laling'ono kwa ife akuda. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, pamodzi ndi anzake atafufuza kumeneko anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse omwe anawayeza anali ndi vutoli, ndipo limakula kwambiri kwa omwe amaluka kapena kusokerera pa tsitsi lomwe lapakidwa relaxer. Relaxer imafooketsa tsitsi, meshi ikulemera, kenako mahomoni a uchembere abwera pamwamba, katundu wachuluka pa muzu umodzi.

Sindikuti musaluke, aliyense amadziwa mutu wake komanso ntchito yomwe amagwira. Koma pa miyezi imeneyi maluko akuluakulu omasuka, opanda zolemera, amathandiza, ndipo woluka mumuuze poyera kuti achemwali kutsogoloku musakugwire. Zikamawawa kapena mukaona tiziphuphu m'mphepete, masulani, ndalama yapita koma muzu watsala. Wigi yongovala n'kuvula madzulo ndi yabwino kuposa yomata. Duku nalo likamangidwa mothina pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku limakhula pamenepo, lisunthenisuntheni. Popesa, nyowetsani kaye tsitsi, pakani conditioner, yambani ndi zala kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kumatsikira kumuzu. Ndipo kusiya kusamba m'mutu poopa kuti ligwa sikupulumutsa kanthu, lomwe lamaliza nyengo yake ligwabe, mungowonjezera litsiro ndi kuyabwa.

Ena amangometa lonse. Kumeta sikuletsa kuthothoka ndipo sikuchititsa kuti limere lambiri, koma kumachotsa kukoka, kumachotsa chipeso chodzadza chija m'mawa uliwonse, ndipo kwa munthu yemwe akugona maola atatu si nzeru yoipa.

Pamene si mahomoni okha

Pali zinthu zingapo zomwe zimabisala kumbuyo kwa kuthothoka kwa uchembere, ndipo izi ndi zofunika chipatala, osati saluni.

Choyamba ndi kuchepa kwa magazi m'thupi, komwe nthawi zambiri kumabwera chifukwa cha kuperewera kwa ayironi. Mimba imadya ayironi wambiri, pobereka magazi amatayika, ndipo achipatala amawerengera kuti mayi wataya magazi ochuluka akapitirira theka la lita. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, chizungulire, mtima kugunda ukangokwera kachitunda, zikhatho ndi mkati mwa zikope kuyera, komanso chilakolako chodya dothi chija chomwe timachitenga ngati nthabwala. Mapilitsi a ayironi omwe amapereka ku sikelo aja ambiri timawasiya tikangochira, ena ngakhale tisanachire chifukwa cha nseru ndi chimbudzi chakuda, pomwe thupi limawafunabe masabata angapo mwana atabadwa. Pa ulendo wa masabata 6, pomwe mwana akukalandira katemera, ndi mpata wabwino wopempha kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi.

Chachiwiri ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi komwe kamawongolera liwiro lomwe thupi limagwirira ntchito. Amayi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100 alionse chithokomiro chimawasokonekera m'chaka choyamba atabereka. Chimatha kuyamba ndi kuthamanga, mtima kugunda, thukuta, kuonda, kupsa mtima msanga, kenako n'kutembenuka kukhala kuchedwa, kumva kuzizira anzako akumva kutentha, kudzimbidwa, khungu kuuma, kunenepa, ulesi wosamveka. Chovuta n'choti zonsezi zimafanana ndi kutopa kwa uchembere, nde zimadutsa osazindikirika. Amayeza ndi magazi, ngakhale si chipatala chilichonse chaching'ono chomwe chili ndi zipangizo zake, mwina angakutumizeni chachikulu.

Palinso vuto lina losowa koma loopsa, kwa mayi yemwe anataya magazi ambiri zedi pobereka, kenako mkaka osabwera, msambo osabweranso ngakhale patapita nthawi yaitali, tsitsi la m'khwapa ndi kumaliseche kutha, thupi lofooka. Limeneli amalitcha Sheehan syndrome, kachiwalo kena ka pansi pa ubongo komwe kamalamula mahomoni kamakhala kawonongeka chifukwa chosowa magazi. Osazengereza nalo.

Ndipo ngati tsitsi likuchoka pamalo ozungulira osalala ngati ndalama yachitsulo, kapena pali zipere, mabala, mafinya, kuyabwa kwambiri, kapena nsidze nazo zikutha, kapena mwana wadutsa chaka koma kuthothoka sikukuchepa, chimenecho si cha uchembere wamba.

Za kafunsidwe kaja ka ku saluni, koti anayezetsako magazi. Tinakula m'nthawi yomwe tsitsi lopepuka linali chimodzi mwa zinthu zomwe anthu amalozerana nazo zala pa nkhani ya HIV, ndipo mantha amenewo sanatheretu. Koma tsitsi silingakuuzeni za magazi a munthu. Mayi woyamwitsa amalangizidwa kale kuyezetsanso nthawi ndi nthawi pofuna kuteteza mwana, kaya tsitsi likugwa kaya ayi, ndipo yemwe akumwa ma ARV kuthothoka kwa pa miyezi 4 kumamupeza monga momwe kumapezera wina aliyense, si chifukwa chosiyira mankhwala.

Mafuta, mapilitsi ndi m'mbale

Palibe mafuta omwe angaletse tsitsi lomwe lalowa kale nyengo yopuma kuti lisagwe. Mafuta a nsatsi, a kokonati, Vaseline, amathandiza kuti tsitsi lisaume ndi kuduka, ndiye ali ndi ntchito yake, koma sadzutsa muzu. Chomwe chimachitika n'choti mayi amayamba kupaka pa mwezi wachinayi zinthu zitafika poipa, pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri tsitsi layamba kumera monga likanachitira kale, ulemu wonse n'kupita kwa botolo. Ogulitsa pa Facebook ndi TikTok amakonda kwambiri makasitomala a mtundu umenewu.

Mapilitsi a biotin, mtundu wina wa vitamini, omwe atchuka aja amathandiza munthu yemwe biotin akumuperewera, zomwe sizichitika kawirikawiri, ndipo akachuluka m'magazi amatha kusokoneza zotsatira za ku labu, kuphatikizapo za chithokomiro chomwecho, nde ngati mukumwa auzeni oyezawo. Vitamini A naye akapyola muyeso amathothola tsitsi. Pali mankhwala opaka otchedwa minoxidil omwe amagwiradi ntchito pa mitundu ina ya dazi, koma woyamwitsa asayambe asanaonane ndi dokotala.

Ndalama ya mabotolo ija bola ipite kumsika. Tsitsi limapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndiye usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, soya, nsinjiro, chiwindi pamene chapezeka. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya zili ndi ayironi, ndipo amalowa bwino m'thupi mukadyera limodzi ndi zowawasa monga malambe, magwafa, malalanje kapena tomato. Tiyi ndiye amatchinga ayironi kulowa, nde kumwa tiyi pompo mutangomaliza nsima, kapena kumezera pilitsi la ayironi ndi tiyi, n'kudzibera nokha, dikirani kaye ola limodzi kapena awiri. Komanso si nthawi yodzimana chakudya pofuna kuphwetsa mimba msanga, kuonda mwachangu kumayambitsanso kuthothoka kwina pamwamba pa kumeneku.

Yang'anani zala za mwana

Ichi ambiri sachidziwa. Tsitsi lalitali lomwe lagwa, kapena ulusi wa meshi, limatha kukulunga kachala ka mwana ka kuphazi kapena kumanja, ngakhale kumaliseche kwa mwana wamwamuna, n'kumanga mpaka magazi kusiya kuyenda. Limabisala m'masokosi, m'zovala zotseka mapazi ndi m'matewera. Mwana akamalira mosatonthozeka popanda chifukwa chooneka, muvuleni muone chala chilichonse. Ngati chatupa ndipo tsitsi lalowa m'mnofu moti simukutha kulichotsa, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mwanayo naye musadabwe akamathothoka, tsitsi lobadwa nalo limagwa m'miyezi 6 yoyambirira, kaya anamumeta potuluka m'chikuta kaya sanamumete, ndipo kunkhongo komwe amagonera kumayera kwa kanthawi.

Mumtima

Anthu amati ndi tsitsi chabe, bola mwana ali bwino. Zoona, koma munthu yemwe thupi lake lasintha paliponse, zovala sizikukwana, sakugona, kenako pagalasi akuona chipumi chikukulira kumbuyo, zimamukhudza ndithu, ndipo si kudzikonda. Abambo a mwana, nthabwala za dazi zisungeni kaye, bola munyamule mwana amake agoneko. Ndipo ngati kudandaula kwapitirira tsitsi, kulira tsiku ndi tsiku, kusafuna kudya, kusasangalala ndi mwana, kapena maganizo odzipweteka, kwa masabata opitirira awiri, amenewo ndi matenda a nkhawa a pambuyo pobereka, ali ndi chithandizo, auzeni anamwino ku sikelo.

Kumera kwake kumafuna kudekha chifukwa tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathuli limachedwerako pang'ono, ndipo popeza limapotana limaoneka lalifupi kuposa momwe lilili. Chizindikiro choyamba ndi timatsitsi tofewa tifupitifupi m'mphepete mwa chipumi, toimirira tokha tosamvera chipeso, tosalowa m'maluko. Ambiri amatiyesa tsitsi loduka n'kuyamba kutikanikiza ndi jelo ndi kabulashi m'mawa uliwonse. Limenelo ndiye latsopanolo, lisiyeni liime.